Kaundula wa mpingo nayenso ali pansi pa lamulo

Pulezidenti Hakainde Hichilema atasaina malamulo a Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act mu April 2025, ambiri a ife tinada nkhawa. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia linadandaula kuti boma lapatsidwa mphamvu zochuluka zomvetsera mafoni ndi kuwerenga mauthenga a anthu, ndipo ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake. Boma linayankha kuti zimenezi sizingachitike popanda chilolezo cha khoti. Mkanganowo sunathe, ndipo mpingo uyenera kupitiriza kulankhulapo. Koma pali lamulo lina limene limatikhudza ifeyo mwachindunji, ndipo m'misonkhano yathu silitchulidwa kawirikawiri.

Lamulolo ndi Data Protection Act ya 2021. Limanena kuti wosonkhanitsa mbiri ya anthu ayenera kuwauza chifukwa chake akuitenga, kuigwiritsa ntchito pa cholinga chokhacho, ndi kuisunga bwino. Ayeneranso kulembetsa ku ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo mbiriyo ikabedwa, ofesiyo idziwitsidwe pasanathe maola 24. Mwini wake ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Za chipembedzo cha munthu, matenda ake, mtundu wake ndi maganizo ake pa ndale zili m'gulu lofuna chitetezo chapadera. Za mwana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera.

Tikamva zimenezi timaganiza za mabanki, Airtel, MTN ndi Zamtel. Koma tatsegulani kabati ya mlembi wa mpingo uliwonse ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu kapena ku Lubuto. Muli maina, manambala a foni, masiku obadwa, manambala a NRC a okwatirana, mndandanda wa opereka chakhumi, maina a ana amasiye, ndi nkhani za oweruzidwa pa bwalo la akulu a mpingo. Kale zonsezi zinali m'buku limodzi lachikuto cholimba. Lero zili mu kompyuta yobwerekana ndi m'mafoni a anthu angapo, ndipo mlembi akatula udindo amapita nazo.

Chotivuta kwambiri ndi magulu athu a WhatsApp. Mayi auza abusa kapena amayi anzake a chigwirizano za matenda a mwamuna wake kuti amupempherere. Madzulo ake pempholo lili m'gulu la anthu mazana awiri, dzina ndi matenda omwe. Woitumizayo sanafune zoipa ayi, anachita mwa chikondi. Koma m'gulumo muli eni nyumba amene banjalo limachita lendi, mwinanso kapitawo wa kumgodi kumene bamboyo amagwira ntchito ya kontirakiti. Uthenga ukatuluka subwerera. N'chimodzimodzinso zithunzi za ana amasiye zimene timaika pa Facebook pothokoza otithandiza. Ndani anafunsa agogo awo?

Chisankho cha pa 13 August 2026 chikuwonjezera kulemera kwa nkhaniyi. Wandale akabwera ndi malata kapena matumba a simenti n'kupempha maina ndi manambala a akhristu onse kuti “awakumbukire”, akulu a mpingo adziwe kuti mndandandawo si wawo wogawa. Anthu anapereka manambala awo kuti amve za maliro ndi misonkhano ya mpingo basi. Kuwapereka kwa chipani chilichonse ndi kupatuka pa cholinga chimene anaperekera. Ndipo mndandanda wotere ukagwa m'manja mwa akuba a pa foni, aja otumiza uthenga wakuti ndalama muzitumize pa nambala ina, amakhala atapeza zonse: dzina la munthu, mpingo wake, ngakhale dzina la abusa loti anamizire.

Sitikunena kuti tileke kupemphererana kapena kulemba kaundula. Tikupempha mabwalo a akulu a mpingo ku Kitwe ndi ku Ndola kuti pa msonkhano wotsatira agwirizane za amene ali ndi chilolezo chotsegula kaundula, ndi zimene mlembi wotula udindo ayenera kubweza ndi kufufuta. Pempho la pemphero lisalowe m'gulu mwini wake asanavomere, ndipo akavomera afunsidwe ngati dzina lake litchulidwe. Za kulembetsa ku ofesi ya Commissioner, masinodi ndi malikulu a mipingo afunse kumeneko ndi kutumiza yankho limodzi ku mipingo yonse, chifukwa mlembi wa ku Kabushi sangathe kuyendera nkhaniyi yekha.