Galimoto ikatitimira, ana atalikire

Walira mvula walira matope. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu yadothi ya ku Salima, monga wolowera ku Kuti ndi ina yotsikira kunyanja, imasanduka phala. Ambulansi, lole ya feteleza ndi galimoto za alendo odzaona nyama zimatitimira m'makande, pomwe kufupi ndi Senga Bay zimamira mumchenga. Injini ikangolira mokakamira, mudzi wonse umathamangira komweko ndipo oyamba kufika amakhala ana.

Kuthandizana n'kwabwino ndipo sitikufuna kuti kuthe. Koma ife ogwira ntchito m'zipatala timadziwa mapeto a chisokonezo cha pamalo otere: zala zophwanyika, miyendo yothyoka, maso olasidwa ndi miyala, nthawi zina maliro. Galimoto ngati Land Cruiser imalemera matani oposa 2. Kuizula pamafunika mphamvu yaikulu, ndipo mphamvuyo ikaphonya imathera pathupi la munthu amene waima pafupi.

Choopsa kwambiri ndi chingwe. Chingwe cha nayiloni chokokera galimoto chimatanuka ngati mphira ya legeni. Chikaduka, kapena chitsulo chomwe chakolekedwapo chikathyoka, chimabwerera mwaliwiro loti palibe angachizinde. M'mayiko monga Australia ndi America anthu afa atamenyedwa ndi chitsulo chobulungira cha kumbuyo kwa galimoto, chija amakolekapo ngolo. Chitsulochi sichinapangidwe kuti chizikokedwa mogwedeza. Chikathothoka chimaboola galasi n'kupeza dalaivala ali pampando. Bampala nayo si malo omangapo chingwe. Malo oyenera ndi ngowe zolimba zomangidwa ndi mabawuti ku chitsulo chachikulu chapansi pa galimoto, ndipo dalaivala aliyense ayenera kuzidziwa asananyamuke.

N'chifukwa chake tikunena kuti kukoka kuzikhala komalizira. Dalaivala akaona kuti matayala akungozungulira pamodzimodzi, achotse phazi pamoto, chifukwa kuponda kwambiri kumangokumba dzenje mpaka galimoto kukhalira mimba. Atsitse anthu ndi katundu wolemera. Kenako khasu ndi fosholo zigwire ntchito: kumbani kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse, komanso pansi pomwe galimoto yakhalira, injini itazimitsidwa. Ikani matabwa, nthambi kapena matumba a mchenga pansi pa matayala. Mumchenga zimathandiza kuchepetsa mpweya m'matayala kuti aponde malo aakulu, bola pakhale pampu yopoperanso musanafike patala. Akatero dalaivala ayese pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri kubwerera m'mbuyo momwe anadzera n'kosavuta kuposa kulimbana ndi kutsogolo.

Jeke ikafunika, ikhale pathabwa lolimba chifukwa pamatope imatsetsereka. Munthu asalowetse mutu, mkono kapena mwendo pansi pa galimoto yomwe yangoimikidwa ndi jeke, ngakhale kwa kamphindi. Okankha akhale akuluakulu okhaokha. Asaime kumbuyo kwenikweni kwa tayala, poti limalavula miyala ndi matabwa aja, ndipo asakankhe ali kumunsi kwa chitunda komwe galimoto ingabwerere n'kuwaponda.

Zonsezi zikakanika, thirakitala kapena galimoto ina ibwere. Apa pakhale munthu mmodzi yekha wolamula, woima pomwe madalaivala onse awiri akumuona. Ena onse atalikire mtunda woposa kutalika kwa chingwe kamodzi ndi theka: ngati chingwe n'cha mamita 9, imani kutali mamita 14 kapena kuposa, chammbali. Pakati pa chingwe yalanipo bulangete lonyowa kapena chiguduli cholemera kuti chikaduka chigwere pansi. Osalumikiza zingwe ziwiri ndi chitsulo, osalumpha chingwe chokungika, ndipo chingwe chophukaphuka chitayidwe. Tcheni ndi waya sizitanuka, choncho zimafuna kukoka modekha, mosadzidzimutsa.

Wina anena kuti zonsezi n'zochedwetsa, makamaka m'ambulansi muli mayi amene matenda ake ayamba. Nkhawayo ndi yomveka. Koma kuthamanga sikufika. Ntchito yoyamba ndi kuimbira foni kuchipatala nthawi yomweyo kuti adziwe, n'kuyamba kufunafuna galimoto ina yodikira kutsidya kwa matope. Wodwala asamutsidwe mosamala galimoto isanayambe kugwedezeka. Ngati akudikira m'katimo, injini isamangolira mawindo ali otseka, makamaka paipi ya utsi ikakwiririka m'matope. Utsiwo uli ndi mpweya wapoizoni wopanda fungo umene umayambitsa mutu ndi chizungulire, kenako munthu amakomoka.

Madzi othamanga ndi nkhani ina. Akatswiri a zanyengo ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amatenga ndi zikuluzikulu zomwe. Mitsinje yotsika kumapiri ngati Linthipe imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusanagwe dontho. Galimoto ikazimira pamtsinje madzi akukwera, tulutsani anthu, galimotoyo mudzaiona mawa. Musatume mwana kuti ayese kuya kwa madzi.

Ngozi ikachitika, inu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi ndinu oyamba kudaliridwa. Pomwe pakutuluka magazi panikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Mwendo kapena mkono wothyoka umangiriridwe ku thabwa momwe ulili, osauwongola. Wodandaula khosi kapena msana asadzutsidwe: anyamulidwe ndi anthu angapo pachitseko kapena thabwa lalikulu, mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke. Amene wapanidwa pachifuwa kapena pamimba apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa magazi amatha kutayikira m'kati osaoneka. Thukuta lozizira, kupuma mofulumira ndi kuyera kwa m'manja ndi zizindikiro zoti nthawi ikutha. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, poti angafunike opaleshoni ku chipatala cha boma cha Salima kapenanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Bala lolowa dothi litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, lisathiridwe mafuta a buleki kapena zitsamba, ndipo mwini wake akafunse za katemera wa kafumbata.

Makolo, ndalama imene mwana amalandira akakankha galimoto siingagule mwendo. Muuzeni lero, mvula isanalimbe, kuti galimoto ikatitimira malo ake ndi patali, pafupi ndi munthu wamkulu. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo amadziwa kale malo omwe amavuta chaka ndi chaka. Alembe mayina a eni mathirakitala ndi ngolo za ng'ombe, agwirizane yemwe aziitanidwa usiku, ndipo akumbutse khonsolo ya boma za ngalande ndi makalavati nthawi ikadalipo. Mabungwe ndi zipatala zotumiza galimoto kumidzi ziwonetsetse kuti m'galimoto iliyonse muli fosholo, thabwa la jeke, pampu ndi chingwe chabwino, komanso kuti dalaivala anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake.

Galimoto ikagona m'matope usiku umodzi imatuluka mawa lake. Tsiku lina mukamva injini ikulira kudambo, thamangani ndi khasu, koma musanayambe kukumba yang'anani pomwe ana aima.