Za chiletso cha pa Nkhudzi: tinatukwana osalakwa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, nkhani ya madzi a pa Nkhudzi Bay sinandichokebe pamtima. Mu 2022 mabungwe atatu, CEPA, National Youth Network on Climate Change ndi Movement for Environmental Action, anakatenga chiletso ku khothi choimitsa ntchito ya Southern Region Water Board yomanga thanki pa phiri la Nkhudzi. Kuno ku Mangochi tinawatcha adani a chitukuko, ati amakonda nsomba kuposa ana athu.

Ine ndikukana. Madzi aukhondo tonse tikuwafuna, kolera ya chaka chomwecho inatilanda abale ambiri. Koma phiri lija lili mkati mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala tija. Mukagumula phiri n'kulambulapo msewu, mvula imakokolera dothi m'nyanja, matope n'kukwirira ndere zimene mbuna zimadya. Zimenezi timazilemba tokha pa bolodi. Zikafika pakhomo pathu zisanduke bodza?

Mabungwewa anangofunsa ngati malamulo atsatidwa, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limalola munthu aliyense kukafunsa zimenezi ku khothi. Chondiwawa n'chakuti boma litaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani anathamangira ku khothi komweko kukatenga ziletso zawo, mpaka khothi la Supreme linawagonjetsa mu 2019. Zaka zinayi majumbo akudzaza ngalande ndi magombe, ndani wa ife anawatukwana? Chiletso chikatengedwa ndi mwini fakitale timangoti ndi malamulo, chikatengedwa ndi woteteza nyanja ndiye ufiti!

Sindikuti mabungwewa ndi angelo ayi. Mfundo zawo zinamveka kwambiri m'manyuzipepala a Chingerezi, pamene mayi wotunga madzi pagombe la ng'ona amafunika kuzimva m'Chiyao kapena m'Chichewa, pansi pa mtengo kwa amfumu. Pamenepo anagona.

Chiletso chija chinachotsedwa, ntchito n'kupitirira. Koma inu a ku Makawa ndi Namiasi, wina akadzatchinga doko lanu ndi mpanda wa loji, loya wodzakuimirani mudzakam'peza kuti?