Wopanga akachiiwala, chipangizo chifenso?

Laputopu imene ndikulembera nkhaniyi ndi ya kaunjika. Itayamba kuchedwa, mnzanga wina wa sayansi anabwera ndi flash n'kuikamo Linux, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito. Nditamuonetsa kabokosi ka TV kamene kanangokhala m'kabati kwathu kuti akachitenso chimodzimodzi, anangoseka. Kabokosiko n'kabwinobwino, koma amene anakapanga anasiya kutumiza mapulogalamu atsopano, ndipo palibe khomo loikirapo ena.

Nkhani yagona pa masekondi oyamba ukangoyatsa. Pulogalamu yaikulu isanadzuke, pamakhala ina yaing'ono ya m'kati mwa chipangizo, yotchedwa firmware, imene imadzutsa zonse. Pa makompyuta wamba, opanga anagwirizana kalekale: poyamba inali BIOS, lero ndi UEFI. N'chifukwa chake flash imodzi imadzutsa Dell, HP ngakhale Lenovo. Koma pa tizipangizo ting'onoting'ono toyendera purosesa ya Arm, monga ma router ndi timabokosi ta TV, kampani iliyonse inazolowera kuswa njira yakeyake.

Mu 2020 kampani ya Arm inayambitsa ndondomeko yoyesera zipangizo ya SystemReady. Pa tizipangizo totere imatsamira pa malamulo otchedwa EBBR: firmware, imene nthawi zambiri imakhala U-Boot, izilankhula chinenero cha UEFI, ndipo izifotokozera pulogalamu yaikulu zida zimene zili m'katimo. Zikatero, Linux wamba imatha kudzuka popanda kuisoka mwapadera.

Ine ndimaphunzira mbiri ndi filosofi, mawaya sindiwadziwa, koma funso la umwini ndimalizindikira. Chinthu chimene wagula koma sungasinthe zimene chimayendera, n'chakodi?

Ena amati kutseka n'chitetezo, ndipo sakunama: Secure Boot imaletsa pulogalamu yoipa kulowa pamene chipangizo chikudzuka. Koma kiyi asunge ndani? Surface RT ya 2012 inali ndi UEFI, komabe Microsoft inalamula kuti pa zipangizo za Arm za Windows RT mwiniwake asathe kuzimitsa Secure Boot. Windows RT itatha, eni ake anatsala ndi galasi lokongola.

Chondidandaulitsa china n'chakuti SystemReady ndi yongodzipereka. Wopanga zotchipa atha kuinyalanyaza, ndipo zotchipazo ndi zakalezo ndi zimene zimatifika kuno. Choncho sukulu kapena ofesi ikamagula zipangizo zambiri, isamangofunsa mtengo. Ifunsenso ngati chipangizocho chinayesedwa pa malamulowa, komanso ngati mwini angaikemo kiyi wake wopanga akadzatseka bizinesi.