Mkazi akafa mwadzidzidzi, manda adikire dokotala

MASSANGULO — Mkazi akagona madzulo ali bwinobwino, m'mawa n'kumveka kuti wamwalira, abale amangoti ndi chifuniro cha Mulungu. Dzuwa lisanalowe, maliro aikidwa. Mwambo ngwolemekezeka, koma nthawi zina dothi limakwirira mlandu pamodzi ndi mtembo.

Nkhani ya ku England ikuchitira umboni. Kumeneko kunali mwamuna dzina lake George Joseph Smith, yemwe ankakwatira akazi posintha maina. Ukwati ukangochitika, ankanyengerera mkazi kulemba kalata yoti akadzafa chuma chikhale cha mwamunayo. Bessie Mundy anafera m'bafa ku Herne Bay mu 1912, Alice Burnham ku Blackpool mu 1913, Margaret Lofty ku London mu 1914. Bafalo ndi chibeseni chachikulu chomwe munthu amagonamo posamba. Konse kutatu akuluakulu anagamula kuti inali ngozi, ndipo Smith ankaoneka wolira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Woyamba kudzuka sanali wapolisi. Bambo ake a Alice, a Charles Burnham, atawerenga m'nyuzipepala za imfa ya Margaret, anaona kuti yafanana ndi ya mwana wawo, nadziwitsa apolisi. Mitembo inafukulidwa, dokotala Bernard Spilsbury n'kuipima. Anaona kuti bafa la Bessie linali lalifupi, moti munthu wamtali sakanamiramo yekha. Wapolisi Arthur Neil anayesa pa mayi wina wodziwa kusambira: atamukoka miyendo mwadzidzidzi, madzi analowa m'mphuno, mayiyo n'kukomoka pomwepo. Smith ananyongedwa pa 13 Ogasiti 1915.

Smith anapha katatu chifukwa boma lina silinkadziwa za linzake. Kuno kumalire ndi chimodzimodzi. Mwamuna angathe kuika mkazi ku Ngauma, n'kuwolokera ku Chiponde kapena kutsikira ku Cuamba, kukafunsira wina ndi dzina latsopano. Ankhoswe asakhutire ndi njinga ndi nsapato zonyezimira. Afunse kwawo, afunsenso kuti mkazi woyamba anafa bwanji.

Mozambique ili ndi lamulo nambala 29 la 2009 loteteza amayi ku nkhanza za m'banja. Koma lamulo silifukula chimene mudzi wabisa. Mafumu, mashehe ndi abusa alole kuti imfa yokayikitsa ikanenedwe ku polisi, mtembo upimidwe kuchipatala usanaikidwe. Kupima sikunyoza malemu. Mwamuna wosalakwa kumamuyeretsa, wolakwa kumamuletsa kupha wachiwiri.