Viza ya sukulu si chilolezo cha ntchito: tifunse tisanagulitse poloti

Ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, nkhani ya ulendo wa kunja yasanduka ngati moni. Munthu akamaliza digiri, anansi safunsanso kuti wapeza ntchito kuti, amafunsa kuti anyamuka liti. Malangizo amene akuyenda pa WhatsApp ndi akuti njira yachidule ndi kudzera ku sukulu: upeze malo pa koleji ina iliyonse ku UK, ku America kapena ku Joni, makolo asonkhe ya ndege ndi fizi ya teremu yoyamba, zotsalazo ukazipeza ndi maganyu ukakafika. Ife tikuti malangizo amenewa ndi oopsa. Viza ya wophunzira ndi chilolezo chophunzirira. Ntchito imene imaloledwa pa viza imeneyi ndi yochepa, yochita kuwerengedwa maola, ndipo siingalipire sukulu.

Tiyambe ndi masamu, popeza ambiri mwa ife tikukonzekera kukawaphunzitsa. Ku UK, wophunzira wa digiri wochokera kunja amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Amagwira tsiku lathunthu pa holide pokha, ndipo saloledwa kuyendetsa bizinesi yakeyake. Kuyambira April 2025, malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola. Maola 20 ankapereka £244 pa sabata, pafupifupi £1,050 pa mwezi. Koma boma la UK lomwelo, kumayambiriro kwa 2025, linkafuna kuti wophunzira wokhala kunja kwa London aonetse £1,136 ya mwezi uliwonse yongodyera ndi kulipira nyumba. Ndiye kuti ngakhale utagwira maola onse ololedwa osajomba, ndalamayo siikwanira ndi lendi ndi chakudya chomwe. Fizi, imene kawirikawiri imapitirira £10,000 pa chaka, sitinaikhudze n'komwe. Kwa ife osunga Sabata masamuwa amavutirapo, chifukwa maganyu ambiri a ophunzira, m'masitolo ndi m'malo odyera, amachuluka Lachisanu madzulo ndi Loweruka.

Mayiko ena sakusiyana kwenikweni. Ku South Africa, viza ya sukulu imalolanso maola osapitirira 20 pa sabata. Ku Canada, kuyambira November 2024, malire ndi maola 24 pa sabata kwa wogwira ntchito kunja kwa sukulu. Ku America, wophunzira wa viza ya F-1 amaloledwa maola 20 pa sabata, ndipo chaka choyamba ntchitoyo imayenera kukhala ya pasukulu pomwepo. Kulikonseko lamulo likunena chimodzi: wabwera kudzaphunzira, ndipo ndalama ya maphunziro uyenera kukhala nayo usananyamuke.

Nanga munthu akamaliza maphunziro? Apa ndi pamene pali njira zenizeni, ndipo tiyenera kuzidziwa ndi mayina ake. Ku UK kuli viza ya Graduate, imene inayamba mu July 2021. Imalola womaliza digiri kugwira ntchito zaka 2, kapena 3 kwa wa PhD, ngakhale boma lalengeza kuti zaka 2 zija zitsika kufika miyezi 18 kuyambira January 2027. Ikatha imeneyo, pamafunika bwana amene ali ndi chilolezo cha boma cholembera alendo kuti akupezere viza ya Skilled Worker. Ku America kuli OPT, miyezi 12 ya ntchito yogwirizana ndi zimene waphunzira, ndi miyezi ina 24 kwa a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Njira zonsezi zimatseguka kwa amene wamaliza sukulu mwalamulo. Amene wasiyira panjira chifukwa fizi yamuvuta amataya zonse, viza ya sukulu ija ndi mwayi wa ntchito womwe.

Ife aphunzitsi tili ndi mpanda wina wowonjezera. Digiri ya uphunzitsi siingolowetsa munthu m'kalasi ya dziko la eni. Ku South Africa, bungwe la SAQA limayamba launika mapepala ako, kenako umalembetsa ku bungwe la aphunzitsi la SACE, ndipo viza ya ntchito ndi nkhani inanso payokha. Ku England, sukulu zambiri za boma zimafuna satifiketi ya QTS. Ejenti amene akukulonjeza kuti ukangotsika ndege uyamba kugwira choko, mwina sakudziwa zimenezi, apo ayi akudziwa koma akufuna ndalama yako.

Ena amati malamulo ndi a pa pepala chabe, ukafika umaona wekha mochitira. Anthu a ku Lilongwe sitiyenera kulankhula choncho, chifukwa tinaona ndi maso athu mphamvu ya pepala. Mu May 2023, apolisi ndi asilikali analowa ku Mgona, Area 25 ndi madera ena kukatenga othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi DRC amene ankachita malonda m'tauni. Anawasunga ku ndende ya Maula, kenako anawatumiza ku Dzaleka, ku Dowa. Ena mwa iwo anakhala pakati pathu zaka zambiri, ana awo ankaphunzira limodzi ndi ang'ono athu. Kaya zimene zinachitikazo tinagwirizana nazo kapena zinatimvetsa chisoni, phunziro ndi lakuti dziko lililonse limasiyanitsa chilolezo chokhala ndi chilolezo chogwira ntchito. Kwathu kuno mlendo wofuna kulembedwa ntchito amafunika Temporary Employment Permit yochokera ku nthambi ya Immigration, ndipo chilolezo cha wophunzira ndi pepala lina. Tikatuluka m'dziko muno, mlendo uja ndife.

Tinaonanso za Israel. Mu November 2023 achinyamata oposa 200 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Mu May 2024, 12 anabwezedwa kumudzi atapezeka akugwira ntchito pa bekale, pomwe viza yawo inali ya kumunda. Sanabe kanthu, ankagwira ntchito ndi manja awo, koma ntchitoyo sinali imene pepala linanena. Ku Joni nako, wopitirira masiku a viza yake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndipo wogwidwa wopanda mapepala amathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa.

Choipa kwambiri n'chakuti wophwanya lamulo la viza satsekera yekha khomo. Kuyambira pa 20 August 2025, dziko la America linayamba kufuna chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi, ndipo chifukwa chachikulu chimene linapereka ndi kuchuluka kwa okhalitsa masiku atatha. Mu December 2025, Malawi inaikidwa pa mndandanda wa mayiko amene ma viza ena, kuphatikizapo a ophunzira, aimitsidwa. Mtsikana wa ku Biwi amene wakhoza bwino ndipo akuyenera kupita, lero akulipira mlandu wa anthu amene sanawaonepo.

Sitikunyoza amene akufuna kupita. Tikudziwa chimene chikuwathamangitsa. Aphunzitsi ophunzitsidwa bwino akhala zaka akudikira kulembedwa ntchito ndi boma, ena akuphunzitsa m'sukulu za pulaiveti pa malipiro osafika pakati pa mwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya kunja inayamba kuoneka ngati chipulumutso. Koma kugwa komweko kwa Kwacha ndi kumene kukuchititsa kuti poloti ya ku Area 25, imene bambo anaivutikira zaka zambiri, ithere pa teremu imodzi ya ku UK. Banja likagulitsa poloti, mayi n'kutenga ngongole ku banki mkhonde, mwina mpaka kwa akatapila, mwana akabwezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi onse amatsala padzuwa.

Pali njira zochedwa koma zodalirika. Chevening imalipira digiri yachiwiri ku UK, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka 2, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka 2. Pali Commonwealth Scholarships. Pali Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Zonsezi zimafuna magiredi abwino, ndipo Chevening imafunanso mbiri ya ntchito, ndiye kuti zaka ziwiri zophunzitsa pa CDSS ya kumudzi si nthawi yotayika, ndi gawo la ulendo womwewo.

Pempho lathu likupita mbali zitatu. Anzathu ophunzira, tisanapereke tambala kwa ejenti aliyense, tiwerenge tokha malamulo a viza pa tsamba la boma la dziko limene tikufuna kupitako, ndipo tilembere koleji yeniyeniyo kuti itsimikize kalata yathu. Akuluakulu a pa koleji pano, tikupempha kuti chaka chilichonse omaliza maphunziro azikhala ndi tsiku lofotokozeredwa nkhani zimenezi ndi anthu ozidziwa. Ndipo inu makolo athu ndi abale mumpingo, mwana akabwera ndi kalata yopempha thandizo la ulendo, musanasonkhe mufunseni mafunso anayi: viza yako ndi ya mtundu wanji? Ikulola maola angati a ntchito? Fizi ya chaka chachiwiri ichokera kuti? Ukamaliza, pepala lotsatira ndi liti? Kufunsa kotere si nsanje kapena kumutsekereza mwanayo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la ulendo uno limadyedwa ndi banja lonse. Mwana amene wayankha mafunso anayiwa momveka, tiyeni timuperekeze ku Kamuzu International Airport ndi mtima woyera. Amene akuti akaonera komweko, timuthandize kudikira.