Denga la ana lisakhale chikole

Kwa Kasisi m'boma la Chikwawa anthu amadziwa kuwawa kwa kutaya nyumba. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 adagwetsa makoma ambiri m'chigwa cha Shire. Koma palinso chigumula china chimene chimafika dzuwa likuswa mtengo: ngongole. Bambo amapita mwakachetechete kwa wakatapila napereka nyumba ngati chikole, ndipo mayi ndi ana amadziwira pa tsiku lotulutsidwa katundu.

Malemba sadakhale chete pankhaniyi. Pa Deuteronomo 24, wokongoza akuletsedwa kutenga mphero ngati chikole, popeza m'menemo ndi momwe muli moyo wa banja. Pa Nehemiya 5, mtumiki wa Mulungu adadzudzula akuluakulu amene adalanda abale awo minda ndi nyumba m'nthawi ya njala, nawalamula kuti abweze.

Madera ena adaika nzeru imeneyi m'malamulo. Ku Texas, lamulo la mu 1839 lidateteza nyumba ya banja kuti isalandidwe chifukwa cha ngongole. Kuno kwathu, wosainira nyumba ngati chikole wapatsa wokongoza mphamvu yoigulitsa iye akalephera kubweza. Choncho linga tiyenera kumanga tokha, madzi akadali m'nkhongono.

Lamulo la malo a mafumu la mu 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya malo ya m'dera. Tikupempha mabanja kuti alembetse m'maina a mwamuna ndi mkazi pamodzi, kuti wina asaike nyumba pachikole payekha. Ngati malo ali kale ndi chikalata cha umwini m'dzina la mmodzi, winayo angathe kukalembetsa chenjezo ku ofesi ya zamalo kuti pasachitike kanthu iye osadziwa.

Sitikunena izi pofuna kuphunzitsa Akhristu kuzemba ngongole. Salimo 37 amatcha woipa munthu wokongola osabweza. Wokongola abweze, ngakhale pogulitsa mbuzi kapena thonje, koma pogona pa ana pasakhudzidwe.

Abusa, ansembe ndi akulu ampingo, phunzitsani izi pa chilangizo cha ukwati monga muphunzitsira za chikondi. Inu okongoza amene mumakhala nafe pa mgonero wa Ambuye, kumbukirani kuti nanunso mudakhululukidwa mangawa aakulu. Ndipo inu makolo, musanagwire cholembera kapena kudinda chala, pempherani, funsanani, kenaka yang'anani nkhope za ana anu.