Alendo a Baibulo ku Rwanda

Magulu a Akhristu ochokera ku America akatsika ndege ku Kigali, Baibulo lili kukhwapa, ambiri amayamba aperekezedwa ku Nyamata ndi ku Ntarama m'boma la Bugesera, kumatchalitchi kumene Atutsi zikwizikwi adathawirako mu Epulo 1994 n'kuphedwera momwemo. Zovala zawo zikadali m'katimo. Apa ulaliki umene mlendo adakonzera kwawo umayamba kulemera pakamwa, chifukwa anthu a ku Rwanda sadali achilendo kwa Yesu. Ambiri adali obatizidwa, opha ndi ophedwa omwe, ndipo mu 2008 khoti lidagamula kuti wansembe Athanase Seromba akhale m'ndende moyo wake wonse chifukwa cha tchalitchi cha Nyange chimene adachigumulitsa ndi chithalakitala anthu ali m'kati. Papa Francis adapepesa mu 2017 pa zolakwa za Mpingo pa kuphanaku, mochedwa ndithu. Mbusa Rick Warren wa ku America adafika ku Rwanda mu 2005 ndi mapulani akuluakulu, koma ntchito yogwira mtima ili ku Mbyo, mudzi umene bungwe la Prison Fellowship Rwanda lidamanga, kumene wopulumuka ndi amene adamuphera abale amayandikana nyumba n'kumalimira limodzi. Kumeneko mlendo amangopatsidwa mpando, olankhula ndi eni mudzi.